Coventry City yagula bwalo lake: kodi SISU inkanena zoona, kapena inangotitayitsa zaka?

WakuFoleshill

Akuluakulu, ndabwera ndi funso kwa inu amene mumatsata mpira wa ku England mpaka kumaligi akumunsi, osati matimu anayi okha a pa TV aja. Pa 23 Ogasiti 2025, Coventry City inalengeza kuti yagula bwalo lomwe imaseweramo, Coventry Building Society Arena, kwa Frasers Group, kampani ya Mike Ashley. Masana a tsiku lomwelo anyamata a Frank Lampard anakwapula QPR 7-1. Timuyi inalowa m'bwalo limeneli mu 2005, ndipo zaka 20 zonsezi yakhala ikusewera pa lendi. Lero bwalo ndi lathu.

Chandibweretsa ndi ichi. Kuntchito kwathu kuli mnzanga wina, mbadwa ya mumzinda muno, amene akuti tsopano masapota tivomereze kuti SISU, eni ake akale a timu, ankanena zoona kuyambira kalekale, zoti timu yopanda bwalo lake singapite patali. Akuti Doug King, amene anagula timu kwa iwo, wangomaliza nkhondo imene SISU inayamba. Ine ndikukana. Inu mukuona bwanji? Njira imene SISU inatsata, yosiya kulipira lendi, kusamutsa timu kawiri ndi kukokera khonsolo kukhoti chaka ndi chaka, inali yoyenera?

Kwa amene nkhaniyi simukuidziwa bwino, ndiyambe ndi kumene vuto linachokera, chifukwa silinayambe ndi SISU. Coventry inkasewera pa Highfield Road kuyambira 1899, bwalo lakelake, pakati pa nyumba za anthu ku Hillfields. Ndi pamenepo pomwe Peter Ndlovu wa ku Bulawayo ankazunguza otchinga kumbuyo m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambirife a kummwera kwa Africa dzina la Coventry tinalidziwira iyeyo. Chakumapeto kwa zaka zimenezo akuluakulu a timu anaganiza zomanga bwalo lalikulu kumpoto kwa mzinda, pamalo pomwe kale panali fakitale ya gasi. Highfield Road anaigulitsa latsopanolo lisanamangidwe, timu n'kumalipira lendi pa bwalo lomwe linali lake. Kenako mu 2001 timu inatuluka mu Premier League itakhala zaka 34 mu ligi yaikulu. Ndalama za pa TV zinauma, mphamvu zomangira n'kutheratu. Khonsolo ya mzinda ndi imene inalowapo kuti ntchito ithe. Theka lomwe likanakhala la timu linagulitsidwa ku bungwe lachifundo la Alan Edward Higgs Charity, ndipo khonsolo ndi bungweli ndiwo anakhala eni a kampani yoyendetsa bwalo, Arena Coventry Limited, yomwe tonse timangoti ACL.

Choncho timu italowa mu Ricoh Arena, monga linkatchedwira nthawi imeneyo, inkalipira pafupifupi mapaundi 1.3 miliyoni pa chaka. Lendi yokhayo inali yolemera, koma chopweteka china chinali chakuti munthu akabwera ku mpira, n'kulipira poimika galimoto, n'kugula tiyi, mowa kapena chakudya pa hafu taimu, ndalama zimenezo sizinkalowa m'thumba la timu. Pamalopo pali hotela, holo yaikulu ya zionetsero, pamachitika makonsati a oimba otchuka. Phindu la zonsezo silinali la timu. Apa palibe amene akutsutsa, ngakhale ine.

SISU ndi kampani ya ku London yotsogoleredwa ndi Joy Seppala. Ntchito yake ndi kuika ndalama m'makampani amene ali pa mavuto, kuwatenga motchipa kuti idzapezepo phindu mtsogolo. Inagula timu mu Disembala 2007, itatsala pang'ono kumira m'ngongole. Mgwirizano wa lendi unalipo kale, anauwerenga, n'kugula akudziwa. Zaka zinayi zinadutsa osaukonza. Mu 2012 timu inatsikira ku League One, ligi yachitatu, ndipo chaka chomwecho anasiya kulipira lendi. ACL inavomera kutsitsa mpaka mapaundi 400,000 pa chaka, komabe sanagwirizane. Mu Januwale 2013 khonsolo inabwereketsa ACL mapaundi 14.4 miliyoni kuti ibweze ngongole ya ku Yorkshire Bank. Mu Malichi kampani ya timu inalowa mu administration (kuikidwa m'manja mwa akatswiri apadera chifukwa cha ngongole), tinalandidwa mapointi 10, ndipo sizoni yotsatira tinaiyamba atatichotsera kale ena 10. Ndiye timu anainyamula kupita nayo ku Northampton, pa bwalo la Sixfields, mtunda wa makilomita oposa 50.

Bwalo la Sixfields lili potsika, ndipo kumbuyo kwa golo imodzi kuli chitunda cha udzu. Masapota ambiri analumbira kuti salipira ndi khobidi lomwe kuti aonere gemu ya pakhomo m'tauni ya eni, koma ena mtima sunawalole kukhala kunyumba. Ankapita, n'kukaima pachitundapo. Ndinaimapo nawo tsiku lina kukuzizira kwambiri. Pafupi nane panali madala ena a imvi mbuu, atavala sikafu yotuwa ya chikho cha FA cha 1987, fulasiki ya tiyi ili m'khwapa, kawailesi kali pakhutu. Denga la sitandi linkabisa mbali ina ya bwalo, ndiye mpira ukafika kumeneko ankangoweramitsa mutu n'kumvetsera wailesi. Anandiuza kuti bambo awo ndiwo anayamba kuwatengera ku Highfield Road ali kamnyamata, ndipo kuyambira nthawi imeneyo Loweruka lawo lakhala la Coventry. Mkati mwa bwalo munkalowa anthu ongopitirira pang'ono 2,000. Timu itabwerera ku Ricoh pa 5 Sepitembala 2014 kudzasewera ndi Gillingham, munalowa anthu 27,306.

Tsopano taonani chimene njira imeneyi inabala. Mu Juni 2014 jaji Hickinbottom wa ku High Court anakana dandaulo la SISU loti ngongole ya khonsolo ija inali yosaloledwa, ndipo m'chigamulo chake ananena kuti kusiya kulipira lendi kunali kofuna kufooketsa ACL kuti mtengo wake ugwe, iwo adzagule motchipa. Patangopita miyezi yochepa, khonsolo ndi a Higgs anagulitsa ACL kwa Wasps, timu ya rugby yomwe inkasewera ku High Wycombe. Mbali iliyonse inalandira mapaundi 2.77 miliyoni. Mtengo unagwadi, koma wogula anakhala wina. SISU inabwereranso kukhoti, inakadandaulanso mpaka ku European Commission, a Wasps anakana kusaina lendi yatsopano milandu ili mkati, ndipo mu 2019 tinasamukanso, ulendo uno ku St Andrew's ku Birmingham, masizoni awiri.

Ndiye ine ndikuti, kuona kuti lendi ndi yoipa si nzeru yapadera, aliyense ankaona. Mwini timu timamuyesa ndi zimene wachita ataona vutolo. Iwowa anatenga timu ndi masapota ake n'kuwasandutsa chida chokakamizira anzawo kuti awagulitse katundu, ndipo katunduyo sanamupeze n'komwe.

Akawunti_Leicester

Achimwene a ku Foleshill, mwafotokoza bwino ndipo madetiwo ndi oona, koma mwapeputsa nkhani ya ndalama. Ine sindisapota Coventry, choncho ndiyankhula ngati munthu wa mabuku a ndalama basi.

Mu League One muli lamulo loti malipiro a osewera asapitirire gawo lina la ndalama zimene timu imapeza, ndipo nthawi imeneyo linali cha m'ma 60 peresenti. Ganizani bwino pamenepa. Ngati ndalama za chakudya, za mowa, za poimika magalimoto ndi za dzina la bwalo sizikuwerengedwa ngati za timu, ndiye kuti ngakhale lendi itatsika kufika pa 400,000, ndalama zololedwa kulipira osewera zikhalabe zochepa kuyerekeza ndi matimu anzake amene ali ndi mabwalo awo. Ndi chifukwa chake kutsitsa lendi pakokha sikunathetse nkhani. Zili ngati kuchita lendi okala, iwe ndiwe ukukokera makasitomala pakhomo, koma mwini nyumba wakuuza kuti shuga, sopo ndi zakumwa azigulitsa yekha, iwe ugulitse machesi. Angakutsitsire lendi bwanji, sudzatukuka.

Chachiwiri, khonsolo mukuisiya bwanji? Khonsolo inali mwini theka la ACL, inalinso yobwereketsa ndalama kwa ACL, inalinso mwini malo. Inali ndi mawu kumbali zonse. Itagulitsa kwa Wasps, lendi ya malowo inatalikitsidwa kufika pa zaka 250. Timu ya mpira ya mumzinda, yomwe bwalolo linamangidwira, inapezeka ikulipira lendi kwa timu ya rugby yochokera kutali. Ndipo a Wasps aja anayendetsa bwanji zinthu? Mu 2015 anabwereka kwa anthu mapaundi 35 miliyoni kudzera mu bond, chikole chake chili bwalo lomwelo. Nthawi yobweza itakwana mu 2022 analephera, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho anagwa, makampani a bwalo n'kugwa nawo. Mukukumbukanso kuti mu Ogasiti 2022 Coventry inalephera kusewera magemu ake oyamba a pakhomo chifukwa udzu unawonongeka ndi rugby ya Commonwealth Games. Umenewo ndiye moyo wa pa lendi, ndipo ndi umene SISU inkaukana.

Chachitatu, tisaiwale za m'bwalo. Anabweretsanso mphunzitsi Mark Robins mu Malichi 2017 ndi a SISU omwewo. Timu inatsikira ku League Two iye ali pampando, koma sanamuchotse. Mu 2018 anakwera atagonjetsa Exeter 3-1 pa Wembley. Mu 2020 anatenga League One akusewera ku Birmingham komweko. Academy sanaitseke, ndipo munatuluka Callum Wilson ndi James Maddison. Gyökeres ndi Hamer anabwera SISU idakali mwini. Doug King anatenga timu mu Januwale 2023, ndipo mu Meyi inali pa Wembley kulimbirana malo a mu Premier League ndi Luton. Timu imeneyo sanaimange m'miyezi inayi.

Sindikuti anali angelo. Za ku Northampton sindingaziikire kumbuyo. Koma mnzanu wa kuntchitoyo ali ndi mfundo.

Mayi_a_Mapasa

Ndawerenga nonse awiri. Bambo a ku Leicester, funso langa ndi limodzi: ngati cholinga chinali choti timu ikhale ndi bwalo lake, njerwa yake ili kuti?

Mu 2013, akutinyamula kupita ku Northampton, Tim Fisher, amene anali mkulu woyendetsa timu, ananena kuti amanga bwalo latsopano kufupi ndi Coventry ndipo tidzabwerera m'zaka zochepa. Anationetsa mpaka zithunzi za mmene lidzaonekere. Mu Julayi 2020 analengezanso kuti agwirizana ndi University of Warwick kuti bwalo limangidwe pa malo a yunivesiteyo. Mpaka tsiku limene anagulitsa timu, sipanakumbidwe ndi maziko omwe. Munthu amene ali ndi ndalama zolipira maloya zaka zonsezo, akanakhala kuti bwalo akulifunadi, bwenzi titaonako ngakhale mpanda wa malata pamalo penapake.

Ine ndimakhala ku Coventry kuno ndipo anyamata anga awiri anabadwira kuno. Pa msinkhu umene mwana amasankha timu, cha m'ma zaka 7 kapena 8, timu ya mumzinda wawo inali ku Northampton. M'kalasi mwawo ana ankavala za Liverpool, Chelsea, Man United. Wovala jezi ya buluu wa Coventry ankaoneka wachilendo mumzinda wake womwe. Zimenezi m'mabuku anu a ndalama sizilembedwa, bambo, koma mwana amene wasankha Chelsea ali ndi zaka 8 sudzamugulitsanso tikiti ya sizoni ali ndi zaka 30.

Chinanso chimene chinkandiwawa ndi kudana kwa masapota okhaokha. Amene ankalowa mu Sixfields ankanenedwa kuti ndi ogulitsa anzawo. Amene ankakana kulowa ankanenedwa kuti ataya anyamata osalakwa, osewera achichepere amene sanasankhe kukasewera kumeneko. Anthu oti akhala moyandikana m'sitandi zaka zambiri anasiya kupatsana moni. Ku St Andrew's ife tinkapitako, sindibisa, chifukwa pa sitima ndi pafupi ndipo ana anali atayamba kuikonda timu ya Robins. Koma ndikudziwa mabanja amene sanapondeko phazi, ndipo sindiwaweruza.

Masapota sanakhale chete ayi. Sky Blue Trust, bungwe la masapota, inakonza ziwonetsero mumzinda. Mu Okutobala 2016 ku Charlton, masapota a matimu onse awiri, aliyense atatopa ndi eni timu yake, anaponya tinkhumba ta pulasitiki m'bwalo mpaka gemu inaima. Ndipo mu Epulo 2017, timu ili kumchira kwa League One, anthu oposa 40,000 a Coventry anapita ku Wembley kukaona tikugonjetsa Oxford 2-1 mu EFL Trophy. Tinali komweko ndi ana. Wamng'ono pa mapasawo analira titagoletsa choyamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya Chelsea inatha m'nyumba mwathu.

Khonsolo nayo siyoyera, pamenepo ndikugwirizana nanu. Kugulitsa bwalo kwa Wasps ndi chinthu chimene anthu ambiri kuno sadzachiiwala. Koma kulakwa kwa khonsolo sikuchapa SISU.

Maule_Ndirande

Moni nonse a kunjako. Ine ndili ku Blantyre ndipo Coventry ndinayamba kuitsata pa gemu ija ya FA Cup ndi Man United mu 2024, atabweza zigoli zitatu n'kudzagonja pa mapenate. Nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa kuno tili m'madzi omwewo, kungoti ife tinazolowera.

Bullets ndi Wanderers ndi matimu aakulu kwambiri m'dziko muno, akalekale, koma onse akhala akusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma. Ndalama za pageti zikawerengedwa, mwini bwalo amatengapo gawo lake, mabungwe oyendetsa mpira gawo lawo, apolisi ndi ogwira ntchito zawo, matimu n'kugawana zotsala. Bwalo likatsekedwa kuti likonzedwe, timu imayamba kusakasaka kosewerera, masapota n'kumalondola m'maminibasi. Mu 2019 a Peter Mutharika analonjeza kuti boma limangira matimu awiriwa mabwalo awo, koma mpaka mu 2025 Maule ndi Manoma ankakumanabe pa Kamuzu. Silver Strikers ku Lilongwe ili ndi pake ku Area 47, ndipo kusiyana kwake kumaoneka. Ngakhale Flames mu 2021 inakasewera magemu ake a pakhomo a World Cup ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe.

Ndiye ndikamva kuti mwini timu anakana lendi yofinya, mbali ina ya mtima wanga ikuti bola iyeyo analimba mtima, ife timangodandaula m'mawailesi. Koma ndikaganiza kuti wina atanyamula Bullets kukaiika ku Zomba sizoni yonse n'cholinga choti akakamize boma, ndikudziwa kuti ku Ndirande kuno sitingamumvetse ngakhale atafotokoza bwanji.

Funso langa kwa achimwene a ku Foleshill ndi ili. Mukuti bwalo ndi lanu. Ndi la timu, kapena ndi la a King? Chifukwa mawa akadzagulitsa timu n'kusunga bwalo, mwabwereranso pa lendi.

WakuFoleshill

Zikomo nonse. Mayi a mapasa, za ana a sukuluzo ndi zoona, ndinkaziona m'mabasi ndi m'mapaki a mumzinda muno.

Achimwene a ku Ndirande, funso lanu ndi lenileni. Chilengezo chinati timu ndi imene yagula bwalo, ndipo mwini timu yonse ndi Doug King. Nkhawa yanu si yongopeka, chifukwa zachitikapo kwina. Derby County inagulitsa Pride Park kwa kampani ya mwini wake Mel Morris, ndipo timu itagwa mu 2021, nkhani ya bwalo inavutitsa kwambiri kupeza wogula. Sheffield Wednesday nayo inagulitsa Hillsborough kwa kampani ya mwini wake Dejphon Chansiri. Chimene chasintha n'chakuti mu Julayi 2025 kuno kwakhazikitsidwa lamulo latsopano, Football Governance Act, lomwe labweretsa bungwe loima palokha loyang'anira matimu. Pansi pa lamuloli timu singagulitse bwalo lake kapena kusamuka popanda chilolezo cha bungwelo. Aphungu akamakambirana za lamuloli, Coventry, Bury ndi Wimbledon ndi ena mwa maina amene ankatchulidwa. Likanakhalapo mu 2013, ulendo wa ku Northampton sukanakhala wophweka chonchija.

Tsopano kwa inu a ku Leicester. Za malipiro a osewerazo ndamva ndipo sindikutsutsa. Za Robins ndi academy ndikuvomera, ngakhale ndinganene kuti Wilson anagulitsidwa ku Bournemouth mu 2014, Maddison ku Norwich mu 2016, onse adakali ana, ndipo ndalama zawo zinkatseka mabowo amene mipando yopanda anthu inasiya. Koma mukundiyankha funso limene sindinafunse. Sindinafunse ngati timu imafunika bwalo. Ndafunsa ngati njira yawo inali yoyenera, ndipo yankho lili m'zimene King wachita, chifukwa iyeyo anapeza zinthu zili poipa kuposa mmene SISU inazipezera.

Taonani. Mu Novembala 2022, asanamalize n'komwe kugula timu, ananena kuti apereka mapaundi 25 miliyoni kuti agule bwalo. Khoti linati wachedwa, Frasers Group n'kutenga pa 17 miliyoni. Mu Disembala eni atsopanowo anapatsa timu kalata yoti ituluke, ponena kuti mgwirizano wa zaka 10 umene inasainirana ndi Wasps mu 2021 sukuwakhudza. Mike Ashley si munthu wofewa pa malonda, afunseni a Newcastle, timu imene inali yake kale. Munthu wina pamenepo akanathamangira kwa maloya, kapena kuyambanso kusaka bwalo la eni m'tauni ina. King anasaina mgwirizano wa zaka 5 mu Epulo 2023, n'kumalipira, n'kumakambirana mwakachetechete. Timu inakhala pakhomo, anthu anabwerera, avereji ya olowa inapitirira 25,000. Gyökeres atagulitsidwa ku Sporting ndi Hamer ku Sheffield United, ndalama zinagulira osewera ena. Pasanathe zaka zitatu bwalo wagula. SISU inakhala zaka 15.

Mudzati zinthu zinali zitasintha, Ashley ndi wamalonda amene amagulitsa mtengo ukakwana pomwe khonsolo inali ndi ndale zake. N'zoona. Koma chimene chinaumitsa khonsolo mtima n'chiyani? Mu 2012 panali zokambirana zoti SISU igule theka la a Higgs, ndipo zinafa pakati pa kusalipira lendi kuja. Munthu amene wasiya kukulipira, kenako wakutengera kukhoti, sungakhale naye pa tebulo mosavuta, makamaka ukakhala khansala woti mawa ukafotokozere anthu amene anakuvotera chifukwa chimene wagulitsira katundu wa mzinda motchipa.

Ndipo musaiwale mtengo wa njirayo pa timu yeniyeniyo. Mapointi 20 m'masizoni awiri. Sizoni ya 2013/14 anyamata aja ankagoletsa koopsa, Wilson ndi Leon Clarke kutsogolo, gemu yoyamba pa Sixfields inatha 5-4 ndi Bristol City, koma ankasewera pamaso pa mipando. Mu 2017 tinafika mu League Two, ligi yachinayi, timu yomwe inakhala zaka 34 pamwamba. Mu 2019 EFL, bungwe loyendetsa maligi akumunsiwa, inafika pokonza msonkhano wokambirana zochotsa Coventry mu ligi chifukwa inalibe posewerera. Mwini amene njira yake yafikitsa timu pakhomo potulukira ligi, ine sindingamuthokoze chifukwa choti wina wabwera pambuyo n'kukonza.

Akawunti_Leicester

Achimwene, pa za 2012 ndi a Higgs mwandigwira, pamenepo mpata unalipo ndipo unatayika. Koma King musamukweze msanga. Ndi yemweyo anachotsa Robins mu Novembala 2024, munthu amene anakutulutsani ku League Two, ndipo ambiri a inu munakwiya mpaka Lampard atayamba kuwina. Mtengo wa bwalo sanaulengeze. Bwalo la mipando yoposa 32,000, lokhala ndi hotela ndi holo ya zionetsero, limadya ndalama tsiku lililonse, kaya kuli mpira kaya kulibe: magetsi, alonda, kukonza denga, udzu. ACL inavutika nalo, Wasps inagwa nalo. Tsopano mtolo umenewo uli pa timu.

Ine ndidikira malipoti a ndalama akadzatuluka ku Companies House, ofesi ya boma yosunga malipoti a makampani. Ndikufuna ndione zinthu ziwiri: ndalama zogulira zinachokera kuti, ndipo ngati ndi ngongole, chikole chake n'chiyani. Akadzatuluka ndidzawaika pano kuti tiwerengere limodzi, ndipo achimwene a ku Ndirande mudzakhalepo, chifukwa funso lanu lija yankho lake lidzakhala m'menemo.